Ndili m'basi ya ku Joni, wina ankapempha ndalama m'dzina langa

Gulupu yathu ya pa WhatsApp ili ndi anthu 9 okha. Tonse tinaphunzira pa sekondale imodzi yogonera komweko m'boma la Zomba, tinadyera limodzi nyemba zofumbwa zaka zinayi, ndipo lero tinamwazikana. Wina ndi nesi ku Mzuzu. Wina akuphunzitsa ku Dedza. Wina amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Durban. Wina ali ku Leeds, kumene amasamalira okalamba. Ine ndimagulitsa zitenje ku Limbe. Mayina awo sinditchula, ndingogwiritsa ntchito amene timaitanirana m'gulupumo: Nesi, Aphunzitsi, Adalaivala, ndi Mzungu, yemwe ndi wa ku Leeds uja, ngakhale khungu lake ndi lakuda kuposa langa.

Mutatsegula gulupuyo tsiku wamba simungapezemo chanzeru. Aphunzitsi amadzuka 5 koloko n'kutiponyera vesi, ndipo amalandira "Amen" mmodzi wongowalemekeza. Nesi akakhala pa naiti amalemba 2 koloko usiku kuti akulakalaka mandasi. Mzungu mwezi wa Disembala amalira kuti kwawoko kumada 4 koloko isanakwane, n'kutipempha kuti timujambulire mbale ya nsima ndi usipa angoonako. Maule akagonja, a Manoma atatu amene ali mmenemo satigonetsa tulo. Manoma akagonja, timabweza ndi chiwongoladzanja. Kwinako ndi mtengo wa shuga, mzere wa mafuta, mwana wa uje wakhoza mayeso a Fomu 4, apongozi abwera osauza, mvula yagwa ku Dedza koma ku Limbe kuli gwa. Ineyo kulemba kumanditopetsa, zala zanga zimadina zilembo ziwiri nthawi imodzi, ndiye ndimangogwira kabatani n'kumalankhula. Ma voisi anga amafika mphindi zitatu, ndipo anzangawo amawatcha nkhani za pa wailesi.

Bambo a kunyumba ankakonda kundifunsa kuti, "Kodi amayi, mumaseka chiyani ndi foni usiku wonsewu? Anthu ake omwewo, nkhani zake zomwezo." Ndinkangoti ndi macheza basi.

Nthawi imene gulupuyo inasanduka chinthu china ndi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Mmodzi wa ife ankachita lendi ku Chilobwe. Anapulumuka ndi ana ake awiri, ndi zovala za m'thupi zokha. Analemba mawu ochepa chabe, ndipo tsiku lisanathe aliyense anali atatumiza kangachepe pa foni, wopanda kufunsa funso. Tinanyadira, ndipo mpaka pano ndimanyadira. Koma kuyambira pamenepo tinazolowera kuti mnzathu akalira timayamba tatumiza, mafunso pambuyo. Chizolowezi chimenecho ndi chimene mbava inadzadyerapo.

Mu Julayi 2024 mng'ono wanga, amene amakhala ku Johannesburg ndi mwamuna wake, anachira mwana wamkazi, woyamba. Amayi athu miyendo inawavuta kalekale, sakanatha kukhala m'basi masiku awiri, choncho udindo wokamusambitsira khanda ndi kumuphikira phala unagwera ine. Boda yokhayo imene ndinali nditadutsapo ndi ya Mchinji, popita ku ukwati ku Chipata. Nditangolengeza m'gulupu, kwa masabata awiri nkhani inali ulendo wanga, ngati kuti tikupita tonse.

Adalaivala ananditumizira voisi imene ndinaimvera mwina kasanu. "Tamverani achemwali. Mukanyamuka ku Blantyre m'mawa, boda yoyamba ndi Mwanza, kutsidya kwake ndi Zobue. Mukatero mwalowa Mozambique. Mudutsa Moatize, kwa malasha kuja, n'kuwoloka Zambezi pa Tete. Kumeneko kumatentha ngakhale mu Julayi, juzi muyambe mwavula. Kenako Cuchamano, kutsidya Nyamapanda, ndiye Zimbabwe ameneyo. Harare mumufika kutada. Kuchoka Harare kudzera Masvingo mpaka Beitbridge ndi makilomita pafupifupi 580, usiku wonse muthera pa msewu umenewo. Pa Beitbridge ndiye muvale zonse zimene mwanyamula. Mukawoloka Limpopo muli ku Musina, kenako Polokwane, Pretoria, Park Station. Ndipo musadzinamize kuti mwafika mukangodinditsa pasipoti, kumakhala kutatsala makilomita 500 ndi kanthu."

Ena onse anathirapo ndemanga. Pasipoti ikhale m'kachikwama ka m'khosi, mkati mwa bulauzi, osati m'chikwama cha m'manja. Ndisunge timadola ting'onoting'ono ndi marandi a chenje olipirira chimbudzi ndi madzi, chifukwa ngakhale Zimbabwe inali itangotulutsa ndalama yake yatsopano ya ZiG mu Epulo chaka chomwecho, wogulitsa m'mbali mwa msewu amasekerera akaona dola. Ndikadinditsa pa Beitbridge ndiwerenge ndekha masiku amene andilembera, chifukwa Mmalawi amaloledwa mpaka masiku 30 opanda viza, koma chimene chimagwira ntchito ndi chimene chalembedwa pa chidindocho. Nesi anati basi ikaima ndizitsika n'kuyendako pang'ono miyendo ingatupe. Mzungu anati ndijambule tsamba la pasipoti n'kutumizira mng'ono wanga. Tinadandaulira limodzi mtengo wa randi, poti kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo ndalama imene ndinkayesa yambiri inasanduka timapepala towerengeka.

Malangizo onsewo anali abwino ndipo anandithandiza. Za foni yokha palibe anatchula, ine ndemwe sindinaiganizire.

Madzulo a tsiku loti mawa ndinyamuka, nyumba inali piringupiringu. Ufa woyera, mpunga wa Kilombero, chiponde, zitenje zoberekera mwana, aneba obwera kudzatsanzika aliyense ndi kaphukusi koti ndikapatse m'bale wake "amene ali ku Joni komweko", ngati kuti Joni ndi mudzi wa nyumba khumi. Cha m'ma 8 koloko foni inalira. Unali uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, nambala yawo yeniyeni, chithunzi chawo chomwe atavala yunifomu ya kwaya. Analemba kuti: "Pepani mayi, ndalakwitsa nambala polowa WhatsApp, code yanga yabwera kwa inu pa SMS. Munditumizireko mwachangu."

Ndinayang'ana, SMS inalidi itafika, manambala 6. Dzanja lina ndinali nditagwira chingwe chomangira thumba la ufa. Ndinakopera manambalawo n'kutumiza, n'kuwonjezerapo "zikomo mayi". Ndinathokoza wakuba.

Patapita mphindi zochepa WhatsApp yanga inatuluka yokha, pa sikilini panadzaza chizungu. Sindinawerenge. Ndinangoti mwina bandulo yatha kapena ikufuna kukonzedwa, ndikaziona ku Joni pa wifi ya alamu anga. Kenako ndinachotsa simu n'kuiika m'kafoni ka mabatani, kumusiyira mwana wanga wamkazi kuti makasitomala akaimba aziwayankha ndi kulandira ndalama za zitenje. Ndinagona mtima uli m'malo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. WhatsApp imamudziwa munthu ndi nambala yake ya foni basi. Aliyense, kulikonse, akhoza kuiika pa foni yake n'kulemba nambala yanu. Akatero, WhatsApp imatumiza manambala 6 aja ku simu yanu kuti itsimikize ngati ndi inuyo. Amene walemba manambalawo ndiye mwini wake, ndipo winayo amatulutsidwa. Choncho palibe "code ya munthu wina" imene ingasochere n'kubwera kwa inu. Ikafika pa foni yanu, ndi kiyi wa nyumba yanu. Mayi a kwaya aja anali atawabera momwemonso masiku awiri m'mbuyomo, ndipo amene ankandilembera sanali iwo.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kutumiza manambalawo. Kwachiwiri, kumene kumandiwawa kwambiri, kunali kuzengereza. Simu inali m'manja mwanga usiku umenewo. Ndikanangolembanso nambala yanga n'kulandira manambala atsopano, mbavayo ikanatulutsidwa mphindi ziwiri zisanathe.

Tinanyamuka kusanache bwinobwino. Ulendowo ndinaukonda, ndisaname. Pa Mwanza anyamata osintha ndalama anatizinga ndi mitolo ya mametikashi m'manja. Titalowa Mozambique dziko linayamba kuuma, milambe ikuluikulu m'mbali mwa msewu, mbuzi zowonda, matumba a makala atandandalikidwa. Pa Tete ndinaona Zambezi ndi maso anga, ndinangoti kukamwa yasa. Shire amene ndinkamuyesa mtsinje waukulu ndi mwana. Ndinakhala ndi mayi wina wa geni wa ku Ndirande, woti msewu umenewu anauloweza, amene ankandiuza poti nditsike ndi poti ndisagule chakudya. Foni yanga inali wotchi chabe. Ndinkadziuza mumtima kuti kukhala tsiku lathunthu opanda mauthenga n'kokoma bwanji, ndipo ndinkasunga nkhani zoti ndikawasimbire anzanga ndikafika.

Zimene zinkachitika kumbuyo ndinazidziwa pambuyo pake, Nesi atanditumizira zithunzi za mauthenga onse.

Munthu akakuberani WhatsApp motere, mauthenga anu akale sawaona, chifukwa amakhala pa foni yanu. Koma magulupu onse amene mulimo amamutsegukira, pamodzi ndi manambala a anthu ake, ndipo uthenga uliwonse watsopano umafikira iye. M'mawa umenewo anzanga anadzuka ndi chikondi chawo. "Uyende bwino mayi a zitenje." "Ukatipsompsonereko khandalo." Adalaivala nawo: "Pa Beitbridge musamale achemwali, pasipoti musapatse munthu wosavala yunifomu." Wakubayo anangokhala phee n'kumawerenga. Tinamupatsa tokha zonse: kuti ndili pa ulendo, kumene ndikupita, malo oopsa, ndiponso kuti sindipezeka pa foni.

Itakwana 11 koloko, "ine" ndinalemba m'gulupu: "Anzanga ndili pamavuto. Andigwira pa Beitbridge akuti katundu wanga ndilipire K300,000 apo ayi basi indisiya. Chonde thandizani mwachangu ndibweza ndikafika. Tumizani pa nambala iyi ya kondakitala. Musaimbe network kulibe." Uthenga womwewo anautumizanso kwa aliyense payekha, ndi kwa anthu a m'magulupu ena: la kutchalitchi, la amayi a pamsika, la kubanja kwathu.

Aphunzitsi anauona pa buleki, ali m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo anayamba kuona wa payekha uja asanatsegule gulupu. Munthu ameneyu mtima wake ndi wa mwana. Anali ndi K120,000 pa foni imene ankasungira fizi ya mwana wake ya mu Seputembala. Anatumiza yonse. Potumiza panatuluka dzina lachilendo, iwo anangoti ndiye kondakitalayo.

Nesi sanatumize, ndipo atandifotokozera chifukwa chake ndinaseka misozi ili m'maso. Anati choyamba, pa zaka zonse za gulupuyi sanandionepo nditalemba mizere inayi yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Ine wa pamavuto ndikanatumiza voisi ya mphindi zisanu, yoyamba ndi kulira n'kuthera ku mtengo wa tomato. Chachiwiri, uthenga wa kwa iye unayamba ndi "Sister". Ine chiyambire Fomu 1 ndimamuitana ndi dzina lina lake lonyoza limene sindingalembe pano, ndipo iye amandibwezera lake. "Utanditcha sister," anatero, "ndinadziwa kuti kaya wamwalira, kaya si iwe."

Anaimba nambala yanga. Anayankha mwana wanga: "Anti, amayi anyamuka m'mamawa, simu andisiyira ine." Izi m'malo mothandiza zinasokoneza ena, chifukwa zinagwirizana ndi zoti sindingaimbiridwe. Awiri anali atayamba kale kufunsana kuti aliyense aponye zingati.

Amene anaphwanya nkhani ndi Adalaivala. Anali pa mzere wa mathiraki ku Durban, atagona m'kabini. Atadzuka n'kuona mauthenga, anatumiza voisi akuseka chikhakhali: "Beitbridge 11 koloko ya m'mawa? Basi imeneyo ili ndi mapiko? Anthu inu, munthu wanyamuka lero ku Blantyre. Panopa ngati ayenda bwino ali cha ku Tete, akutuluka thukuta. Beitbridge akaiona mawa. Ndiponso kondakitala wanji wolipira msonkho wa pa Beitbridge ndi makwacha a pa foni ya ku Malawi? Musatumize kanthu."

Nesi ndiye anatchera msampha. Analemba m'gulupu momwemo: "Iwe, ndalama ndili nayo pano, nditumiza pompano. Ungondikumbutsa kaye: mbuzi ya alonda inadya chiyani chako tili Fomu 2?"

Nkhani ya mbuziyo aliyense wa ife akhoza kuinena ali m'tulo. Ndinali nditachapa siketi yanga ya yunifomu, imodzi yokhayo, n'kuiyanika pa udzu kuseri kwa hositelo. Mbuzi ya alonda inatafuna mbali yonse ya kumbuyo. Sabata yathunthu ndinkalowa m'kalasi nditamanga juzi m'chiuno, kunja kukutentha mu Okutobala. Zaka zoposa 20 zadutsa koma palibe mwezi umene umatha osandikumbutsa.

"Ine" ndinayankha kuti: "Si nthawi yocheza ino anzanga, basi ikunyamuka." Nesi anaumirira. Patapita kanthawi kunabwera liwu limodzi: "Buku."

Mzungu, amene ndi adimini, anachotsa nambala yanga m'gulupu nthawi yomweyo. Kenako anagawana ntchito. Wina anaimbira bambo a kunyumba, wina analemba pa status kuti nambala yanga yabedwa, wina anafufuza wa m'gulupu la amayi a pamsika. Bambo anasiya ntchito n'kuyamba kuimbira abale mmodzimmodzi. Azakhali anga a ku Balaka anawapeza ataima kale pa kabenchi ka ajenti, ndalama ili m'manja, akuwerengera mnyamatayo nambala. Msuweni wanga wina yekha ndi amene sanamupeze msanga. Anali atatumiza K40,000.

Chimene palibe anachiganizira tsiku limenelo, ndipo ndikuchilemba kuti wina adzachikumbukire, n'chakuti simu yanga inali pa Limbe pomwepo, m'thumba la mwana wanga. Akanangotenga foni ina iliyonse, kulowa WhatsApp ndi nambala yanga, n'kulemba manambala amene akanabwera m'kafoni ka mabatani kaja, wakubayo akanatulutsidwa masana omwewo. M'malo mwake anakhala ndi dzina langa tsiku linanso lathunthu.

Ine pa Beitbridge yeniyeniyo ndinafika mbandakucha wa tsiku lachiwiri. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa, ndinafunda zitenje ziwiri za khanda zija pamwamba pa jekete. Tinaima pa mzere maola angapo, katundu yense anatsitsidwa n'kukwezedwanso, koma palibe anandigwira kapena kundipempha kanthu. Ndinawerenga masiku pa chidindo monga anandiuzira, anali 30. Pa Park Station tinafika kukuda. Alamu anga anandilandira chikwama, ndipo asanandifunse n'komwe za ulendo anati, "Alamu, foni yanu ili kuti?" Anandifotokozera tili m'galimoto. Mmene ndinkalowa m'nyumba kukanyamula khanda limene ndinaliyendera mayiko atatu, manja anali akunjenjemera, ndipo chimene chinali m'mutu mwanga ndi fizi ya mwana wa Aphunzitsi.

Usiku womwewo tinalumikiza foni yanga ku wifi, ndinalemba nambala yanga, SMS inapita ku Limbe. Tinamuimbira mwana wanga pa foni ya mng'ono wanga kuti atiwerengere. Anayamba wakhala chete, kenako anati, "Amayi, koma apa alemba kuti manambalawa tisauze munthu aliyense." Mwana wa Fomu 2 anawerenga chimene amake sanawerenge. Ndinamuuza kuti wachita bwino kufunsa, koma ulendo uno ndine ndawapempha, foni ili m'manja mwanga, ndipo akundimva mawu. Anandifunsabe dzina la galu wathu asanawerenge.

Manambala analowa, koma WhatsApp inafunsanso PIN ina imene sindinkaidziwa. Wakubayo anali atatchera chimene amati two-step verification, loko wachiwiri amene ine mwini wake sindinamuikepo. Mtima unagwa. Alamu anga anandilimbitsa mtima kuti zikatere wakubayo amakhala watulutsidwa kale pamene manambala a SMS alowa, kungoti mwini wakenso amadikira masiku 7 asanalowe popanda PIN ija. Zinalidi choncho. Kuyambira usiku umenewo palibe analandiranso uthenga wa "ine", ndipo tsiku la 8 ndinalowa. Sabata imeneyo ndinkabwereka foni ya mng'ono wanga, ndipo anzanga anailowetsa nambala yake m'gulupu mongoyembekezera, atayamba andifunsa za siketi.

Ndalama sizinabwerere. Aphunzitsi anaimbira kampani ya foni tsiku lomwelo ndi kukanena kupolisi, atatenga uthenga wotsimikiza kutumiza uja, ndipo ndi zoyenera kuchita, msangamsanga. Koma ndalamazo zinali zitatapidwa patangopita mphindi zochepa. Anthu amenewa sagona nazo pa foni.

Foni yovuta kwambiri kuimba inali ya kwa Aphunzitsi. Ndinakonzekera mawu tsiku lonse, koma atangoyankha ndinangoti, "Achimwene, pepani," n'kuyamba kulira. Iwo anati, "Achemwali, ndinatumiza ndine, simunandigwire dzanja. Mwafika bwino? Mwana ali bwanji?" Ndinawauza kuti chitseko ndinatsegula ndine ndipo ndibweza. Anakana. Tinakanganapo mpaka mayunitsi anatha. Mapeto ake gulupu inasonkha, ine ndinaika theka, ndipo Nesi anawatumizira osawafunsa, n'kuwauza kuti akabweza awachotsa m'gulupu pamodzi ndi mavesi awo. Ya msuweni wanga ndinabweza ndekha nditabwerako.

Pali anthu amene atamva nkhaniyi anati wotumiza ndalama osafunsa ndi wopusa. Ine sindivomereza. Aphunzitsi anachita chimene tonse tinachita nthawi ya Freddy, ndipo tsiku limene ndidzakhale pamavuto enieni ndikufuna adzakhalepo munthu wotero. Enanso, bambo a kunyumba ali m'gulu lomwelo, anati ndiye kuipa kwa magulupu kumeneko, ndituluke monse. Apanso ndinakana. Wakubayo anali ndi nambala yanga, chithunzi changa ndi dzina langa. Chimene analibe ndi zaka zonse zija za macheza opanda pake: kuti sindilemba, kuti Nesi sindimutcha sister, kuti basi ya ku Joni imakhala pati 11 koloko, kuti mbuzi inadya siketi. M'gulupu la kutchalitchi, la anthu oposa 100 amene timangopatsana moni wa ulemu ndi zilengezo, palibe anakayikira kalembedwe. Anapulumuka chifukwa chochenjezedwa. Anamugwira ndi anthu amene ndimataya nawo nthawi.

Zina tinasintha ndithu. Tsiku limene ndinalowanso, Mzungu sanalole nkhani ina iliyonse mpaka aliyense atatumiza chithunzi chosonyeza kuti waika loko wachiwiri uja. Ali pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification. Mumasankha manambala 6 anuanu, ndipo ndi bwino kuikapo imelo kuti mukadzaiwala PIN musadzavutike. Ntchito ya mphindi ziwiri, imene ikanandipulumutsa ngakhale nditapusa n'kutumiza code ija, chifukwa wakubayo akanafika pa chitseko chachiwiri n'kukanika. Amayi anga ndi azakhali a ku Balaka ndinakawaikira ndekha, n'kuwauza mwachidule kuti manambala obwera pa SMS ali ngati PIN ya ku banki, ngakhale atawapempha abusa.

Tinagwirizananso kuti wopempha ndalama m'gulupu, kaya ndi ndani, timve kaye mawu ake kapena timuone pa vidiyo, ndipo uthenga wonena kuti "musaimbe" ndiwo woyenera kuimbira. Mzungu akuti kwawoko ayamba kuchenjezana za makompyuta otha kutsanzira mawu a munthu, ndiye funso la kusukulu silinachoke. Za maulendo timakambabe, mwinanso kuposa kale, koma tsiku lonyamuka ndimauza gulupu yaing'onoyi ndi akubanja okha. Zithunzi za pa status zimadikira ndifike. Ndipo pobwerera, tisanafike pa Beitbridge, ndinapempha nambala ya mayi amene ndinakhala naye pampando, amene anali ndi simu yogwira m'njira, n'kuitumiza kunyumba, kuti wofuna kudziwa ngati ndagwidwadi akhale ndi pofunsa.

Ndinabwerako masiku anga 30 asanathe, ndi bulangete lalikulu la ku Joni la akazi awo a Aphunzitsi, loyenera kuzizira kwa ku Dedza. Limenelo sanakane.

Funso la mbuzi linatha ntchito, poti wakubayo analiona, ndipo pano mwalionanso inu. Tili ndi ena, sasowa. Mwezi watha Adalaivala anaphulikitsa matayala awiri cha ku Nyamapanda, abwana awo osayankha foni, ndipo analemba m'gulupu kuti timubwereke kangachepe. Mphindi imodzi isanathe Nesi anali atafunsa kale kuti anamugwira ndi chiyani kuseri kwa khitchini usiku wa Loweruka lija. Kunali zii kwa kanthawi. Kenako inabwera voisi, mphepo ikuwomba, mathiraki akudutsa kumbuyo: "Anthu oipa inu. Munthu ndili padzuwa. Chabwino, inali ndowa ya nyemba, ndipo theka munadya ndinu a Nesi. Tumizani ndalamazo."